Kalata yotseguka: musanatiitanire ku midzi ya kuseri kwa mapiri, yambani mwateteza eni mudzi

Kwa inu nduna zoona zokopa alendo, zamtengatenga ndi zaumoyo, akuluakulu a maboma ang'onoang'ono, ndi eni makampani onyamula alendo m'maiko otentha a mapiri ndi mitsinje,

Olemekezeka,

Ndikulemba ngati mmodzi wa anthu amene munawaitana. Ndinaona chithunzi chija mumapachika pabwalo la ndege n'kumwazanso pa intaneti: kamudzi kali phee m'tsinde mwa phiri, nkhungu itakuta nsonga za mitengo, mtsinje ukudutsa pakhomo penipeni, ndipo pansi pake mutalemba kuti kuno msewu sunafike. Ndinasunga ndalama, ndinanyamuka, ndinakafika. Dzina la mudziwo sinditchula, ngakhale dziko lake, chifukwa sindikufuna kuti kalaliki mmodzi wa padoko asenze yekha mlandu umene uli m'maiko ambiri. Zimene ndinaona kumeneko zikukhudza nonsenu.

Msewu unathera padoko, ndipo kuchokera pamenepo njira inali mtsinje basi. Boti lake linali lamatabwa, lalitali koma lopapatiza, injini kumbuyo. Tinakweramo anthu 17. Alendo tinalipo 4, ena onsewo anali eni dera: amayi ochokera kusikelo ali ndi makanda, ana atatu a sukulu, agogo ena aamuna atafumbata botolo la mankhwala, kuphatikizapo matumba a simenti ndi malata omangidwa ndi chingwe pakati pa boti. Tisananyamuke, mnyamata wothandizira anatulutsa majekete oyandamitsa munthu pamadzi amene anali pansi pa thabwa. Analipo 4. Anatipatsa ife alendo, mmodzimmodzi, n'kutithandiza kumanga malamba.

Pambali panga panakhala mayi wina wachitsikana, khanda lili pachifuwa, mapazi ake ali m'madzi amene anali atayamba kale kulowa m'ming'alu ya matabwa. Ndinamasula jekete langa kuti ndimupatse. Woyendetsa boti anandiona ali kumbuyo, nakweza mawu kuti apose injini: "Ayi alendo, valani chonde. Inu mukamira, ine andilanda chiphaso." Sanalankhule mwankhanza. Bamboyo ankangonena momwe lamulo lanu limagwirira ntchito: oyendera akabwera amawerenga majekete a alendo, za mayi ndi khanda lake safunsa. Mayi uja anamwetulira, nandikankhira jeketelo ndi dzanja lake, kuti ndisavutike mtima. Ndinalivalanso, ndipo manyazi a tsiku limenelo sananditherebe.

Ulendowo unatenga pafupifupi tsiku lathunthu. Malo atatu madzi ankathamanga pakati pa miyala, boti likunjenjemera ngati lisweka, mnyamata uja akukapa madzi ndi chigubu chodula pakati osapuma. Woyendetsayo ankawerenga mtsinje ngati buku. Pamene ine ndinkangoona thovu, iye ankaona mwala wobisika, n'kukhotetsa boti usanatigunde. Luso limenelo ndi limene linatifikitsa amoyo, ndipo ndikulilemekeza ndi mtima wonse. Koma luso la munthu mmodzi silingakhale chitetezo chokhacho cha mudzi wonse. Tsiku limene injini idzazime pakati pa mathithi, luso lake lidzathera pomwepo.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, mu lipoti lake la dziko lonse pa nkhani ya kumira, limene linatuluka mu 2024, linati anthu pafupifupi 300,000 anafa chomira m'chaka cha 2021 chokha, ndipo 9 mwa 10 alionse anali a m'maiko osauka ndi apakatikati. Pafupifupi mmodzi mwa anayi anali mwana wosafika zaka 5. Mu 2021 maiko anu anavomereza ku United Nations kuti 25 July likhale tsiku lokumbukira kupewa kumira. Munakweza manja kumeneko. Ndikupempha kuti dzanja lomwelo lisaine lamulo lakuti boti lililonse lonyamula anthu likhale ndi jekete la munthu aliyense, mlendo kapena mwini mudzi, ndi timajekete ta ana tomwe. Ndipo musangolamula n'kuchoka. Woyendetsa boti amene phindu lake limathera ku mafuta sangagule majekete 17. Gawo la ndalama imene ife alendo timalipira padoko ligule zimenezi, pakhale mzere wopentedwa m'mbali mwa boti wosonyeza pamene katundu ayenera kulekezera, ndipo woyendera ayambe kuwerenga mitu yonse.

Mudziwo unali wokongola kuposa chithunzi chanu. Ndinene zimenezi poyera, kuti musaganize kuti ndinabwerako wokhumudwa. M'mawa nkhungu inkatsika m'phiri pang'onopang'ono mpaka kukhudza madzi, mbalame zimene sindinazimvepo zikuyankhizana tsidya ndi tsidya. Anthu anatilandira ngati abale amene anasochera kalekale. Ndinagona m'nyumba ya banja lina, ndipo ananditenga ngati mwana wa pakhomopo. N'chifukwa chake zotsatirazi zikundiwawa.

Usiku wachiwiri, agogo a pakhomopo anagogoda pachitseko changa. "Mwanangu, dzukani, tengani nsapato, tikwere kumtunda." Ndinatuluka ndili ndi tulo m'maso. Kumwamba kunali nyenyezi mbee, mvula sinagwe ngakhale dontho tsiku lonselo. Ndinafunsa kuti kwagwanji. Iwo anangoimika chala kuti ndimvetsere. Pansi pa mkokomo wa masiku onse wa mtsinje panali phokoso lina, lakuya, ngati mabingu okwiririka m'nthaka. Inali miyala ikuluikulu ikugubuduzika pansi pa madzi. Agogowo anaunika ndi tochi pa thanthwe lina la m'mphepete limene linali ndi mizere yojoba ndi chitsulo. Madzulo aja mizere yonse inkaoneka. Tsopano iwiri inali itamira, madzi atasanduka matope okhaokha, nthambi ndi zitsa zikudutsa mothamanga. Tinakhala pachitunda mpaka mbandakucha, ana atakutidwa m'mabulangete. Madzi anafika pamakwerero a nyumba zitatu za kumunsi, anatenga bwato limodzi, kenako n'kuyamba kuphwa. Palibe anafa usiku umenewo.

Palibe anafa chifukwa nkhalamba imodzi sigona tulo tofa nato, ndipo khutu lake limadziwa mawu a miyala. Chenjezo lonse la mudzi umene mukuutsatsa ku dziko lonse ndi limenelo. Kulibe netiweki ya foni, kulibe wailesi yolumikizana ndi midzi ya kumtunda, kulibe belu.

Inu mukudziwa, kapena akatswiri anu akudziwa, momwe mtsinje wa m'mapiri umachitira. Mvula imatha kugwa kutali kumtunda, kuseri kwa mapiri kumene a m'mudzi sakuona n'komwe. Malo otsetsereka salola madzi kulowa pansi, makwawa onse amathira nthawi imodzi m'chigwa chopapatiza, ndipo madzi amafika pakangopita maola ochepa, nthawi zina ola lisanakwane. Nthaka ikagumuka n'kutseka mtsinje kumtunda, madzi amaunjikana kuseri kwake, ndipo tsiku lophulika amatsika ndi mitengo ndi miyala ngati khoma loyenda. Kumene nkhalango yadulidwa, zinthu zimaipiraipira. Akulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo nyumba zogona alendo zimamangidwa m'khwawa momwemo, poti mlendo amafuna kudzuka akuona mtsinje pawindo. Chilolezo chomangira pamenepo amapereka ndani?

Izi zinachitikapo kale, ndipo dziko linaona. Usiku wa 2 November 2003, mtsinje wa Bohorok unasefukira pa mudzi wa Bukit Lawang kumpoto kwa chilumba cha Sumatra ku Indonesia, kumene alendo amapita kukaona anyani a mtundu wa orangutan m'nkhalango ya Gunung Leuser. Madzi anabwera ndi zipika zambirimbiri, anasesa nyumba ndi malo ogona alendo amene anali m'mphepete. Anthu oposa 150 anafa. Alendo ochokera kunja analipo ochepa chabe pakati pa akufawo, ambiri anali eni mudzi, omwe aja ankaphikira alendo ndi kuwaperekeza m'nkhalango. Mu January 2010, mtsinje wa Urubamba ku Peru unaononga njanji yopita ku Aguas Calientes, m'munsi mwa mabwinja otchuka a Machu Picchu, ndipo alendo zikwi anatsekeredwa mpaka anawatulutsa pa helikopita. Dziko lonse linaonera pa TV. Ndimathokoza kuti anapulumuka. Koma ndili pachitunda paja usiku uja ndinadzifunsa kuti, pakanapanda ife alendo anayi, helikopita ikanaganiziridwa n'komwe kodi?

Mu 2022 mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres, analengeza cholinga chakuti pofika kumapeto kwa 2027 munthu aliyense padziko akhale wofikiridwa ndi chenjezo la ngozi zogwa mwadzidzidzi. Mawu akuti aliyense akuphatikiza agogo aja ndi zidzukulu zawo. Ndipo chofunika pamtsinje ngati umenewu si makina odula a mumzinda. Kumapiri a Himalaya, bungwe loona za chitukuko cha madera a m'mapiri la ICIMOD lathandiza midzi kuika kachipangizo kumtunda kwa mtsinje koyeza msinkhu wa madzi, kamene kamatumiza uthenga kwa munthu wosankhidwa ndi mudzi madzi akafika pa mzere woopsa, iye n'kuchenjeza a kumunsi. Kachipangizo, sola yaing'ono, wailesi, chokuzira mawu, njira yodziwika yothawira kumtunda imene ndi ana omwe aiyeserera masana. Theka la ola limakwana kuti mayi anyamule mwana n'kukwera chitunda. Ndipo inu amene muli ndi madamu a magetsi kumtunda kwa mitsinje yotere, musatsegule zipata za madzi musanauze a kumunsi. Anthu a ku Attapeu ku Laos anaona mu July 2018 chimene madzi a damu amachita akafika usiku, pamene khoma lina la damu la Xe-Pian Xe-Namnoy linagumuka, anthu makumimakumi n'kufa, zikwi n'kusowa pokhala.

Tsiku lotsatira mtsinje unali usanaphwe bwino, ndipo ana sanapite kusukulu. Sukulu ili tsidya lina. Nyengo ya mvula, anandiuza aphunzitsi, masabata athunthu amatha m'kalasi muli ana a tsidya limodzi okha. Dziko la Nepal, mothandizana ndi a ku Switzerland, lamanga milatho ya zingwe yoyendapo anthu yoposa 10,000 pa mitsinje ya m'mapiri. Ku Rwanda akumanganso yotereyi. Ndi milatho yosafuna mathirakitala, zitsulo zake zimanyamulidwa pamapewa, eni mudzi amagwira nawo ntchito n'kuphunzira kuikonza. Luso lake lilipo kale, palibe chofunika kuchitulukira mwatsopano.

Ndifike pa nkhani imene inandisowetsa mtendere koposa. Tikuyenda m'nkhalango, wotiperekeza anatiimitsa kuti njoka idutse. Itapita ndinamufunsa kuti, achimwene, munthu ikamuluma kuno mumatani? Anandiyang'ana kanthawi, nati: "Timapemphera kuti imulume m'mawa." Boti siliyenda usiku chifukwa miyala sioneka. Wolumidwa madzulo amadikira kuche, kenako maola onse aja a pamadzi, kenako galimoto ngati ilipo padoko. Kachipatala ka m'mudzimo ndi chipinda chimodzi, mulibe furiji, mulibe mankhwala opha ululu wa njoka. WHO imati njoka zimapha anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 chaka chilichonse, ndipo ena ochuluka kuwirikiza katatu amadulidwa ziwalo kapena kulumala moyo wawo wonse. Mu 2017 bungweli linaika kulumidwa ndi njoka pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa a m'maiko otentha, ndipo cholinga chimene chinakhazikitsidwa n'chakuti imfa ndi kulumala zichepe ndi theka pofika 2030. Anthu amene chiwerengerochi chikunena ndi awa: alimi ndi ana a m'midzi yonga uwu.

Ganiziraninso za mayi woyembekezera. Azamba amadziwa kuti mayi wotaya magazi ambiri atangobereka atha kumwalira pa maola awiri okha ngati sathandizidwa. Maola awiri, pamtsinje wa tsiku lathunthu. Kutalika kumene mumagulitsa pa chithunzi chija, mawu okoma aja akuti kuno msewu sunafike, kwa mayi ameneyu ndi chiweruzo. Furiji yoyendera sola, mzamba wophunzira wokhala pomwepo, wailesi yoitanira thandizo, boti limodzi lokhala ndi nyali yamphamvu ndi mafuta osungidwira odwala okha: zinthu zimenezi mukaziika chifukwa cha mayi wa m'mudzi, mlendo wanu wolumidwa ndi njoka adzapulumukira pomwepo. Koma mukayamba ndi mlendo, monga munachitira ndi majekete, mayiyo adzatsalanso kunja.

Ndiye pali nkhani ya ndalama. Ndinalipira kampani mumzinda ndisananyamuke, ndinalipiranso msonkho wolowera m'deralo padoko n'kulandira risiti ya chidindo cha boma. Nditafunsa akuluakulu a mudzi kuti mwa zonsezi chimawafika n'chiyani, anayang'anizana. Banja limene linandisunga linalandira kangachepe kuchokera kwa wotiperekeza. Za msonkho uja sanamvepo kumene umapita. Komatu nkhalango imene tinadzaona akuisunga ndi iwo, njira akulambula ndi iwo, ndipo usiku wa madzi uja amene anatidzutsa ndi iwo, osati kampani. Malamulo a chikhalidwe pa zokopa alendo amene bungwe la dziko lonse loona za ntchitoyi linavomereza ku Santiago ku Chile mu 1999 amanena momveka kuti eni dera ayenera kutenga nawo mbali ndi kugawana phindu mwachilungamo. Chikalata cha United Nations cha 2007 chonena za ufulu wa eni nthaka chimati anthuwa afunsidwe kaye, auzidwe zonse, ndipo avomere mwaufulu ntchito isanayambe pa malo awo. Pempho langa pano n'losavuta: lembani pa bolodi padoko kuti mwa msonkho uliwonse gawo lakuti likupita ku mudzi, ndalama yake ilowe m'thumba limene eni mudzi akuliyang'anira okha, ndipo chaka chikatha muwerenge poyera pamsonkhano wa mudzi. Iwo ndiwo anene kuti alendo abwere angati pa sabata, agone kuti, ndi malo ati amene kamera isaloze.

Pali chinthu china chimene alendofe timachita, ndipo inu mumatilimbikitsa. Mnzanga wina wa paulendowo anadandaula ataona malata aja akutsitsidwa m'boti, akuti mudzi uonongeka maonekedwe. Mtsikana wa pakhomo pamene ndinagona anamva, ndipo madzulo anandifunsa mwaulemu: "Kodi kwanuko denga likamadontha mumalisiya kuti alendo ajambule?" Iye akufuna magetsi oti aziwerengera usiku. Akufuna netiweki kuti azilankhula ndi mchimwene wake amene ali kutali. Ena m'mudzimo akufuna msewu, ena akuuopa chifukwa aona kumene msewu unafika magalimoto odula mitengo anafikanso. Mkangano umenewo ndi wawo, ndipo ali ndi nzeru zouthetsa. Chimene ndikukana n'chakuti ofesi ya zokopa alendo iziletsa chitukuko mwakachetechete pofuna kuti chithunzi chisasinthe. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inayerekezapo kuti anthu akumidzi pafupifupi 1 biliyoni amakhala mtunda woposa makilomita 2 kuchokera pa msewu wodutsika chaka chonse. Kwa iwo umenewu ndi mtolo wa tsiku ndi tsiku, ndipo si bwino kuukongoletsa n'kuugulitsa eni ake asanafunsidwe.

Za zinyalala ndingonena mwachidule. Mabotolo apulasitiki ndi mabatire amene timabwera nawo amakwera mtsinje koma satsika. Ndinawaona ataunjikana kuseri kwa nyumba ya alendo, ndipo madzi a usiku uja anatengako ena. Kampani imene yawalowetsa iwatulutse pa boti lomwelo.

Ndipo tiuzeni zoona tisananyamuke. Palibe anandiuza kuti ndikupita nyengo imene mtsinje umakwiya, kuti chipatala chenicheni chili ulendo wa tsiku, kuti foni ikhala chidole, kuti udzudzu wa malungo ulipo ndipo ndifunika neti ndi mankhwala, kuti madzi odekha a m'mbali atha kukhala ndi likodzo. Zonsezi ndinazimva kwa eni mudzi nditafika kale. Mlendo wouzidwa zoona amabwerabe, koma amabwera wokonzeka, ndipo sakhala katundu pamsana pa anthu amene ali kale ndi katundu wawo. Walira mvula walira matope: mukafuna ndalama ya mlendo, landirani ndi udindo wake womwe, m'malo mousiya m'manja mwa nkhalamba ya tochi.

Sindikupempha kuti mutseke midziyi. Anthu ambiri kumeneko akufuna alendo, ndipo ndalama yochepa imene imawafika yalipirira ana sukulu. Inenso ndikufuna kudzabwereranso, ndikawaone agogo aja akadali moyo. Kuyambira 2021 bungwe la United Nations loona zokopa alendo la UN Tourism limapereka ulemu kwa midzi yabwino koposa yokopa alendo, ndipo ndikudziwa kuti ambiri mwa inu mumalakalaka mudzi wa m'dziko lanu utatchulidwa. Musanatumize dzina la mudzi uliwonse, munthu wa muofesi yanu akhale atagonako nyengo ya mvula.

Ndikukupemphani inuyo eni ake, olemekezeka, kuti mupiteko. Musatumize uthenga patsogolo, musakwere boti la boma. Kafikeni padoko m'mawa ngati wina aliyense, mukhale pathabwa pakati pa matumba a simenti ndi amayi ochokera kusikelo, ndipo mnyamata uja akatulutsa majekete, muwerenge majeketewo, kenako muwerenge anthu.

Ine wanu,
Mlendo amene anapatsidwa jekete